Ndinanyazitsa Mwana Amene Ankalira Agogo Ake

Inu owerenga, ndinalakwira mwana wa eni, ine ndikuyesa ndikumuthandiza.

Nthawi ya korona ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Barsha, kudziko la Aluya, kwa banja lina lochokera ku Colombia. Anali ndi mtsikana wa zaka 15, Daniela, wodwala mphumu. Tinkagwirizana kwambiri moti ankanditchula "tia", kutanthauza azakhali m'chilankhulo chawo.

Agogo ake aamuna, amene anamulera ali wamng'ono, anamwalira kwawo ndi korona. Ndege zinali zitaima, maliro anangoonera pafoni. Patapita milungu ingapo, ndinamupeza pakhonde akusuta ndudu. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Tia, chonde musawauze adadi. Ndikuuzani chifukwa chake."

Sindinafune kumva. Mmene ndinakulira ine ku Ntcheu, mtsikana wosuta ankadzudzulidwa poyera kuti manyazi amusiyitse. Lamlungu lotsatira, banja lili patebulo, abale a ku Colombia akucheza nawo pavidiyo, ndinaika paketi yake ya ndudu pakati pa mbale. Ndinanena kuti mtsikana wotere palibe angamukwatire. Bambo ake anamukalipira abale onse akuona. Daniela sanalire. Anangondiyang'ana, n'kulowa kuchipinda.

Kusuta sanasiye. Anayamba kukasutira pamasitepe, pomwe sitinkamuona. Korona itamugwira, inapeza chifuwa chili chofooka kale. Anagona m'chipatala nthawi yaitali ali pa okosijeni.

Kumeneko namwino wina wolankhula chilankhulo chawo ndiye anamufunsa modekha. Ndudu zija zinali za mtundu umene agogo ake ankasuta. Mwanayo ankangofuna fungo lawo. Namwinoyo anauza makolo kuti ayambe alira malemuwo pamodzi ndi mwana wawo, za fodya akambe pambuyo, paokha. Madamu, amayi ake a Daniela, anandifotokozera kuti kwa iwo, kunyazitsa mwana pamaso pa abale kuli ngati kumuchotsa m'banja.

Daniela anatuluka m'chipatala, koma akangoyenda pang'ono ankapuma mobanika. Madamu anandiuza kuti khalas, kutanthauza kuti basi zatha, ndikafune ntchito kwina. Tsiku lochoka ndinagogoda pachitseko chake. Sanatsegule.

Inu amene mukulera ana a mitundu ina, fodya ndi woipa ndithu, musamulekerere mwana. Koma funsani kaye mmene kwawo amalangizira, ndipo muyambe ndi amayi ake, muli awiri. Ine ndinathamangira kudzudzula. Lero sindidziwa ngati mwana uja akupuma bwino, chifukwa nambala yanga anaitseka.