Tayala la ngolo ya amayi

Ndinali mu Sitandade 4 chaka chimene bambo anamwalira n'kutisiyira ng'ombe ziwiri ndi ngolo. Abambo aang'ono ankaifuna ngoloyo, amvekere munthu wamkazi sangaithe. Tsoka ilo, kachewere atangokhwima kudimba, tayala limodzi linaphulika, ngoloyo n'kukhazikidwa pamiyala.

“Alamu, likafika Loweruka ili chikhalire pamiyalapo, ndidzaitenga isanadyedwe ndi chiswe,” anatero abambo aang'onowo.

Amayi analunjika pangolopo. Anayeza tayala lophulikalo ndi luzi, monga ankayezera dengu, ndipo m'mawa mwake tinauyamba wa ku Nsipe. Ndimakumbukirabe fungo la labala wotenthedwa ndi dzuwa pakhonde la Che Jafali, bambo wina wa kachipewa koyera amene ankagulitsa matayala akale. Tinapeza mnyamata wawo yekha. Amayi anayendetsa luzi lawo pamatayala mpaka anapeza lofanana. Ine ndinaligubuduza njira yonse, ndikunyada ngati ndagula galimoto.

Kunyumba linakana kulowa. Anyamata analimbana nalo ndi zitsulo, kupaka sopo, thukuta kamukamu, koma ayi ndithu. Bowo lake linali laling'ono. Aka kanali koyamba kuona amayi atakhala pansi dzuwa lili pamutu, manja ali m'masaya, ndipo ndinachita mantha.

Titalibweza, tinawapeza eni ake. Sanatiseke.

“Mayi, luzi layeza kunja, koma chitsulo chimagwira m'kati. Tayala lililonse limanena lokha msinkhu wake.”

Anandigwira chala n'kuchiyendetsa pa manambala otumphuka m'mbali mwa tayala. Yoyamba, anati, ndi kufufuma kwake. Ya kumapeto, yotsatira chilembo cha R, ndi kukula kwa limu, chitsulo chimene tayala limavala. Limene tinatengalo linali 13.

“Nanga lanu lija ndi chiyani?”

Tinangoyang'anana. Tsiku linali Lachinayi.

Amayi sankadziwa kuwerenga, ndipo mutu wanga wokonda masewera a fulaye sankaukhulupirira kwenikweni. Titafika kunyumba ananola mpeni, n'kucheka chibenthu chonse cha manambala pa tayala lophulika lija. Lachisanu anachimanga pampango, tinauyamba ulendo wachitatu wa ku Nsipe. Che Jafali atamasula mpangowo anaseka mpaka kutsokomola.

“Werenga, mwanawe.”

“14!”

Limeneli linalowa osavuta. Abambo aang'ono atafika Loweruka anapeza miyala yokhayokha pabwalo. Ife tinali tikukwera chitunda kuchokera kudimba, ine pamwamba pa matumba, amayi ali ndi chikwapu m'manja, akuitana ng'ombe mayina ake ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo.

Lero ndili ndi kagalimoto kanga, ndipo manambala a pa tayala ndimawawerenga mosaganizira n'komwe. Koma panditengera zaka kuti ndimvetse chimene ndinaona sabata imeneyo. Ndinkayesa kuti amayi akulimbirana ngolo. Iwo ankadziwa kuti ikangotuluka pabwalo paja, ng'ombe zitsatira, kenako dimba, kenako ife ana kugawidwa kwa achibale. Tonse anayi tinakulira pakhomo pawo.