Ndinabweza Tsiku pa Kompyuta, Mayi Wosalakwa Nachotsedwa Ntchito

Inu owerenga, ine ndinachotsetsa ntchito mayi wosalakwa. Ndalapa kwa Mulungu kambirimbiri, koma mtima wanga sunakhalebe pansi.

M'zaka za m'ma 1990 ndinali kalaliki pa ofesi ina ya boma ku Lundazi. Titalandira makompyuta atatu, msuweni wanga wa ku Chipata anandipatsa disiketi ya pulogalamu yojambulira zithunzi ndi kukongoletsa zikalata. Anati ndi yaulere. Koma poitsegula pankabwera uthenga wachingerezi wakuti ulerewo ndi wa munthu woigwiritsa ntchito kunyumba. Ofesi iyenera kupempha laisensi, apo ayi pakatha masiku makumi atatu pulogalamuyo itseka. Ndinawerenga ndipo ndinamva, koma abwana ndinangowauza mbali yokomayo. Ndinaiika m'makompyuta onse, ngakhalenso m'maofesi oyandikana nafe, anthu n'kumanditama.

Masiku atakwana inatsekadi. M'malo mouza abwana kuti tipemphe laisensi, ndinabweza tsiku la pa kompyuta ndi mwezi wathunthu, ndipo inatsegukanso. Lamlungu lake ndinakaimba kwaya ngati palibe chachitika.

Wotaipa makalata athu anali aNyazimba, mayi wamasiye wa ku Mwase, amene anazolowera taipilaita. Ndine ndinawaphunzitsa kuti asamavutike kulemba tsiku, kompyuta imaika yokha. Anandikhulupirira. Motero makalata ankapita ku Chipata ali ndi tsiku lakale. Lipoti lina litafika mochedwa, akuluakulu kumeneko anati wina akubweza masiku dala pobisa ulesi wake.

Abwana anatiitana tonse. ANyazimba ananditembenukira nati, "Mwana wanga, auzeni abwana. Si ndimwe munakamba kuti makina sanama?"

Ndinayang'ana pansi, n'kunena kuti kompyuta imalemba zimene munthu waiuza. Umenewu unali umboni wonama, ndipo ndinkadziwa. Inali nthawi yochepetsa antchito m'boma, dzina la aNyazimba linalowa pa mndandanda wa ochotsedwa. Tsiku la pa kompyuta ndinalikonza mwakachetechete, pulogalamuyo ndinaifufuta, palibe anandifunsa kanthu.

Patapita zaka ziwiri chikumbumtima chinandilaka. Ndinapalasa njinga mpaka ku Mwase, ndinawapeza aNyazimba pakhonde akuswa nshawa, ndiye kuti mtedza. Ndinagwada n'kuulula zonse. Anandiyankha m'Chitumbuka, "Nkhamanyanga," kutanthauza kuti ankadziwa kale. Kenako anati, "Ndakukhululukilani. Koma mau aya ndinawafuna pamaso pa abwana, osati pakhonde panga."

Inu amene mumaika mapulogalamu m'maofesi, m'masukulu ndi m'zipatala, werengani zimene mwini wake walola, ndipo muwauze akuluakulu anu zonse, zokoma ndi zowawa zomwe. Ngati pakufunika laisensi, pemphani. Ndipo mnzanu akakutembenukirani kuti mumuchitire umboni, nenani zoona pomwepo. Ine ndinanena mochedwa. Chikhululuko ndinachilandira, koma aNyazimba ntchito yawo sinabwerere.