Wailesi Yopanda Matumbo

Wailesiyo inali yofiira, ya chogwirira chachikopa, ndipo m'kati mwake munalibe kanthu. Amalume, amene ankakonza mawailesi ndi matochi pamsika wa ku Old Town, anali atachotsamo zonse zogwira ntchito n'kuponya chigoba chake pansi pa benchi. Ukaigwedeza, munkalira mchenga ndi mapiko a mphemvu. Amene anaitola ndine.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, mwina ziwiri. Tinkachita lendi kachipinda kamodzi kuseri kwa msika, ine, amayi ndi mlongo wanga wa zaka zitatu. Bambo anali atapita kumigodi ku Joni, makalata n'kusiya kubwera. Dzinja lapitalo mvula inali itadula msanga, ndipo kumudzi sikunabwere ngakhale dengu limodzi la chimanga. Tinkadya kamodzi, dzuwa litapendeka: phala la gaga, tsiku lina bonongwe wamchere wokha.

Amayi ankachapa ndi kusita kwa bwana wina ku Area 43. Ankanyamuka m'mamawa wapansi, kuwoloka mlatho, kudutsa maofesi a City Centre amene anali akumangidwa, n'kubwerako mapazi atayera fumbi. Ankabwera ndi zotayidwa za kumeneko: makapu oduka zogwirira, katani yakale yamaluwa, nsapato zachikazi zothyoka chidendene. Anatiuzapo kuti galu wa panyumbapo atadwala anapita naye kwa dokotala pagalimoto. Tinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala.

Ine kusukulu sindinkapita. Ntchito yanga inali kulera mwana. Ndipo panali lamulo limodzi limene amayi ankalibwereza tsiku lililonse pochoka: “Munthu akakufunsa ngati wadya, uziti wadya. Usandichititse manyazi.” Akatero ankatipaka timafuta pamilomo kuti isaoneke yotuwa. Sindikuwadzudzula. Mayi wopanda mwamuna m'tauni ankangotsala ndi ulemu wake basi, ndipo ankausunga mmene ankadziwira.

Tsiku lina la mu Januwale kunamveka kuti kukuyenda aphunzitsi a kumishoni ndi mapepala, khomo ndi khomo, kulemba zimene anthu ali nazo. Bungwe lina lachifundo ndilo linawatuma, koma ife ana sitinkadziwa kuti n'zachiyani. Mnyamata wa nyumba yoyandikana nafe anandikuwira anzathu onse akumva: “Nanga kwanu akalembako chiyani? Nsabwe?”

Mawu amenewo ndimawamvabe. Ndinathamangira kumsika, amalume atatanganidwa ndi kasitomala, n'kunyamula chigoba chija. Ndinasesa m'nyumba. Bokosi lathu ndinalifunditsa katani kuti likhale tebulo, pamwamba n'kuikapo makapu, mbali zodukazo zitayang'ana kukhoma, wailesi pakati. Nsapato zija ndinaziika pakhomo. Mlongo wanga ndinamupaka mafuta pamilomo, miyendo yake n'kuikulunga m'chitenje, chifukwa masiku amenewo mapazi ake anali atayamba kutupa ndipo sankaoneka bwino.

Aphunzitsiwo anali bambo wamtali, wa malaya oyera othaitha m'khosi. Ankanunkhira sopo ndi choko.

“Odi kuno! Akuluakulu alipo?”

“Apita kuntchito kwa abwana.”

Anakhala pachitini, pepala pabondo. Denga? Lamalata, ngakhale silinali lathu ndipo linkadontha. Mabulangeti? Ndinati awiri. Nsapato anadzionera okha. Wailesi? Ndinailoza, n'kunena kuti mabatire angotha kumene. Kenaka anafunsa kuti dzulo tinadya kangati.

“Katatu,” ndinatero. “Ndiwo zake nyama.”

Atachoka ndinabweza wailesi pansi pa benchi, amalume osadziwa kanthu. Amayi sindinawauze. Tsiku limenelo ndinayenda modzitukumula ngati mwana wa sitolo.

Patapita milungu iwiri, anthu anaitanidwa pabwalo la tchalitchi. Kalaliki ankawerenga maina, otchulidwa n'kumalandira khadi lotengera ufa, nyemba ndi mkaka waufa wa ana aang'ono. Dzuwa linali lowawa, mlongo wanga ali kumsana kwa amayi, mutu wake utagwera pambali, tsitsi litafiira ngati ndevu za chimanga. Banja la mnyamata wondinyoza uja linatchulidwa. Maina anatha, lathu osamveka.

Amayi anapita patebulo, n'kugwada. Kalaliki anafufuza pepala lathu n'kuliwerenga mokweza: wailesi, nsapato, mabulangeti awiri, kudya katatu.

“Wailesi iti, bambo? Taonani mwanayu.”

“Mayi, aliyense amene sanatchulidwe akunena zomwezo. Maina anatsekedwa kale kumaofesi. Ine ndimangowerenga.”

Amayi anatembenuka n'kundiyang'ana. Ndinkayembekezera mbama, ndipo mpaka lero ndimalakalaka akanandimenya. Tinayenda mpaka pafupi ndi mzikiti, pomwe anaima kukonza mbereko. “Wayankha mmene ndinakuphunzitsira,” anatero. Nkhaniyo sanaitchulenso mpaka imfa yawo.

Amalume anayesetsa. Anagulitsa zida zawo zina, ndipo mayi wina wachisilamu, mkazi wa telala, ankatipungulira mkaka wa ana ake m'kapepala. Sizinakwane. Mlongo wanga anamwalira mu Malichi, chimanga chachiwisi chitayamba kuwotchedwa m'mbali mwa msewu. Fungo limenelo mpaka pano ndimalithawa. Kuti khadi lija likanamupulumutsa, sindingalumbire. Ndimangodziwa kuti kamtsikana ka nyumba yoyandikana nafe, kamene kanatupa mapazi chimodzimodzi, lero ndi agogo ogulitsa tomato.

Kuwerenga ndinaphunzira ndili ndi imvi kale, kusukulu ya kwacha, ndikugwira ulonda ku Area 47. Mwana wa abwana anga, amene anaphunzira zachuma kuyunivesite, anandifotokozera tsiku lina pageti kuti akatswiri amalemba mzere: amene ali pansi pake ndi osauka, apamwamba ayi. Poti m'thumba mwa munthu simuoneka, amawerenga denga, wailesi, nsapato, ndiponso kuti wadya kangati. Anati njirayo ndi yabwino, chifukwa pa mabanja ochuluka chotero, ochepa olembedwa molakwika sasintha chithunzi. Ndinavomera ndi mutu, n'kumutsegulira geti. Mwina akunena zoona. Koma pepala silifunsa kuti munthu ali ndi manyazi ochuluka bwanji, ndipo kwathu amenewo ndiwo tinali nawo ambiri.

Pali chinthu chimodzi chimene ndachisiya dala, chifukwa ndicho chimandilemera. Nditanena kuti katatu, aphunzitsi aja sanalembe msanga. Cholembera chinaima m'mwamba. Anayang'ana mlongo wanga nthawi yaitali, tsitsi lake, chitenje cha kumiyendo, kenaka wailesi, kenaka ine.

“Mwana wanga, pano palibe amene akumva. Ndikufunsenso bwinobwino. Dzulo munadya kangati?”

Anafunsa motsitsa mawu, ngati akupempha. Ine ndinkaganiza kuti achita kaso ndi nyumba yathu, moti sakukhulupirira kuti kuseri kwa msika kungakhale anthu odya chotere. Ndinaimirira mowongoka, manja kumbuyo, ngati ana asukulu amene ndinkawasirira.

“Katatu, aphunzitsi.”

Anapumira m'mwamba, n'kulemba. Ndipo ine ndinamwetulira, poganiza kuti ndakhoza.