Lily ndi Magalimoto a Waya

Ganizani, mwini sitolo ya zitsulo pa Chitakale, anakhala ndi ngongole ya Lily kuyambira ali ana. Siinali ya ndalama, koma kubweza ankakanika. Anthu ena manyazi alibe.

Tsiku limene Lily anapita kusitoloko, kunyumba kwake kunalibe ngakhale ufa wa phala. Mwamuna wake anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Ganyu yothyola tiyi inali itatha pamodzi ndi mvula. Ana ake awiri ankagonera nthochi zosapsa zowiritsa.

"Achimwene, ndigawireniko tizidutswa ta waya timene mumatayato," anatero Lily.

Ganizani anaseka mpaka kugwira kauntala. "Mayi wamkulu ngati iwe ukufuna uziseweranso? Kagulitse mandasi ngati anzako."

Komatu awiriwa anakulira limodzi m'nyumba za kuesiteti ya tiyi. Masiku amenewo chidole sunkagula, unkapanga. Atsikana ankaumba ana adothi kapena kubereka chitsononkho kumsana. Anyamata ankakulunga mpira wa mapulasitiki ndi kukwapula nguli. Koma mfumu ya zonse inali galimoto ya waya: matayala a zitini za polishi, zomangira za mphira ya chubu, chiwongolero chachitali chofika pamchombo. Madzulo msewu wafumbi unkadzaza mainjini a pakamwa. Vuuum! Pipiii!

Galimoto ya Ganizani ndiyo inkaposa onse. Zitseko zinkatseguka, matayala akutsogolo ankakhota. Koma wopanga anali Lily, mobisala kuseri kwa bafa, chifukwa mtsikana wogwira waya ankamuopseza kuti sadzakwatiwa. Ganizani ankangokankha n'kumalandira ulemu. Analonjeza kuti tsiku lina adzaulula. Ndevu zinamera, mimba inatuluka, kuulula ayi.

Lily anatuluka m'sitolomo osagwetsa msozi. Anatola matayala akutha, n'kuwawotcha, n'kusolola waya m'phulusa. Zala zinang'ambika. Anapanga magalimoto angapo n'kukawayala pageti la sukulu.

Ana ankangowayang'ana. "Batire yake mumaika pati?" anafunsa wina. Masiku anapita osagulitsa olo imodzi.

Loweruka lina anakhala pasiteji ya minibasi atatopa, akuganiza zongowataya m'ngalande. Dalaivala wina wa imvi, a Wahabu, anatsika n'kugwira chiwongolero cha galimoto imodzi. Anaikankha pang'ono. Anaikhotetsa. Kenako mdala uja anayamba kuthamanga nayo, pakamwa pakulira vuuum, anthu akudikira m'minibasi, kondakitala akukuwa kuti tiyeni. Pobwerera, maso ali psuu.

"Mayi, yanga inali chonchi ndithu. Bambo anga anaiponda dala nditaiwala mbuzi kudambo. Mukugulitsa bwanji?"

Lily anatchula mtengo.

"Iii, waya yekhayu? Tsitsaniko."

"Ngati ubwana wanu unali wotchipa, isiyeni."

A Wahabu anapisa m'thumba n'kulipira.

Apo m'pamene Lily anaona kuti ankalakwitsa msika. Ogula sanali ana ayi, anali abambo awo. Anayamba kufunsa bambo aliyense galimoto imene ankaisirira ali mwana. Uyu thirakitala yokoka ngolo ya tiyi, uyu basi ya katundu padenga, winayo lole ya matabwa. Iye n'kupanga momwemo. Alendo odzakwera phiri la m'deralo nawonso ankagula. Ndiye ana aja ofuna batire, ataona abambo awo akusewera okha, anayamba kulira kuti nawonso akankheko. Kunyumba kwa Lily moto unayambanso kuyaka m'mawa ndi madzulo.

Tsiku lina Ganizani anatulukira pasiteji, mtolo wa waya watsopano uli paphewa.

"Mlongo, bwanji uziika magalimotowa m'sitolo mwanga, tizigawana?"

"Kuti muzikankhanso za ine? Yambani mwabweza yakale ija. Pompano, anthu akumva."

Ganizani anayang'ana uku ndi uku. Pasitejipo panali amuna amene anakula nawo, omwe ankamupempha kuti awabwereke galimoto yake. Anang'ung'udza kanthu.

"Kwezani mawu, achimwene. Pondiseka paja munali nawo."

"Magalimoto anga onse aja ankapanga ndi Lily! Ine olo tayala sindinkalitha!"

Siteji yonse inafa ndi phwete. Lily anatsitsa waya uja paphewa pa Ganizani n'kuuika pambali pa katundu wake.

"Waya ndalandira. Za sitolo iwalani."

Tsono inu mwakhala pakhonde dzanja lili patsaya, mukuti mulibe poyambira, tayang'anani manja anuwo. Kodi muli mwana ankadziwa kupanga chiyani? Akakusekani, sekani nawo, koma ntchito musasiye. Pakapanda ogula, sunthani msika. Osataya mtima, ndipo chimene mwapanga ndi thukuta lanu musapatse wina kuti azikankha.