Wailesi yozima pa nyimbo yanga

Amuna anga atagula njinga yamoto, anathamangira kugula wailesi ngati njingayo siyenda popanda nyimbo. Masipika awiri anawamangirira kutsogolo. Tikamachoka ku Nabvutika kupita kwa amayi ku Madzimoyo, iwo ankangogwedeza mutu, ine kumbuyoku n'kumamva mphepo yokhayokha.

Chaka chimenecho kwaya yathu ya kutchalitchi inajambula nyimbo, ndipo yachitatu ndinatsogolera ndine. Sindibisa, ndinkanyada nayo. Koma abambowa si olankhulalankhula, sananene kuti yakoma kapena yaipa, ndipo zinkandiwawa. Nditadandaula kuti kumbuyo sikumveka kanthu, anagula masipika ena awiri n'kuwamangirira pafupi ndi pokhala panga.

Tinanyamuka tikuliza nyimbo za kwaya zija, phokoso lake agalu kuthawa. Nyimbo yoyamba inatha, yachiwiri inatha. Itangoyamba yanga, wailesi zii! Ndinati mwina ndi mabampu. Pobwerera, chimodzimodzi. Sabata yotsatira ndinayamba kusuzumira paphewa pawo, kulondalonda chala chawo. Itafika yanga, inazimanso.

"Abambo, ngati mawu anga akukuchititsani manyazi, ingonenani," ndinatero.

"Aa, amayi, ine sindinakhudze kanthu!"

"Ndiye kuti wailesiyi ili ndi makutu eti?"

Anakhotetsa njinga mpaka kwa mng'ono wawo, amene amakonza mawailesi kumsika. Mlamuyo atagwira wailesi anachotsa dzanja msanga. "Mayo! Apa mutha kukazingirapo nshawa." Anatembenuza sipika imodzi n'kutionetsa nambala 4 yolembedwa kumbuyo kwake.

"Awa ndi maomu, muyeso wa mmene sipika imakanizira moto wamagetsi," anatero. "Wailesi iyi imafuna 4 mbali iliyonse. Inu achimwene mwaphatikiza masipika awiri pa waya umodzi, ndiye zatsika kufika pa 2. Ikukoka moto wambiri, ikatentha imazima yokha kuti isapse. Imapirira nyimbo ziwiri basi. Mlamu, mawu anu alibe mlandu."

Ndinaseka mpaka misozi, mtima unakhala m'malo. Mlamu anati angathe kuwalumikiza motsatizana, koma mawu achepa, mphepo iwameza. Apo ayi, awiri achoke.

Ndinayamba kutsanzikana nawo anga akumbuyo aja. Koma abambo anatola chomasulira n'kuyamba kumasula akutsogolo, omwe ankawapukuta m'mawa uliwonse asanasukusule n'komwe.

"Nanga inu muzimva chiyani?" ndinafunsa.

"Mwini nyimbo ndimamunyamula kumbuyo," anayankha osadzutsa mutu. "Muziimbira m'khutu langali."

Mpaka lero timayenda choncho. Wailesi imalira kumbuyo kwanga, ine ndimaimbira m'khosi mwawo, anthu ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu n'kumatiseka. Kuti nyimboyo ndi yokoma sananenebe, ndipo ndinaleka kufunsa. Kungoti ikafika yachitatu amachepetsa liwiro, akuti msewu waipa. Chonsecho pamenepo ndi patala, popanda ngakhale dzenje limodzi.