Mlonda Wabodza wa Visti Kjeldsen

Visti Kjeldsen anabadwira kumadzulo kwa Jutland, kumene mphepo ya kunyanja imapinda mitengo isanakule. Mayi ake anamwalira iye ali wakhanda, choncho analeredwa ndi mlongo wake wamkulu, Sidsel. Bambo awo potsikira kulichete anawasiyira ng'ombe zisanu ndi ziwiri, khola lofolera udzu, ndi kachidutswa ka mtovu kobisidwa pansi pa mwala wa pakhomo la kholalo.

Pamtovupo panali chizindikiro cha chiwanda. Dzina lake linali m'buku la agogo awo lolembedwa pamanja, koma m'nyumbamo palibe ankalitchula. Ankangoti Mlonda. Bukulo linkati chiwandachi chimaoneka ngati kambuku wa maso amoto, ndipo pamene chakhala mizimu ina yoipa siyandikirapo. Linkatinso n'chabodza. Chimanena zoona pokhapokha chikatsekeredwa m'kati mwa mizere ya ngodya zitatu, ndi mawu ake oyenera. Tsoka ilo, tsamba la mawuwo linadyedwa ndi makoswe Visti asanabadwe.

Ndiye banjalo linapeza njira yakeyake. Pofuna kufunsa kanthu ankatukula mwalawo n'kulendewetsa kiyi pa ulusi pamwamba pa mtovu. Kiyi akaloza kubwalo ndiye kuti inde, akaloza m'khola ndiye kuti ayi. Kenaka yankholo ankalitembenuza. "Wabodza umamumvera chammbuyo," ankatero bambo awo.

Lamuloli linamulowa Visti mpaka m'mafupa. Wogula ng'ombe akayamikira thole lake, iye ankathamanga kukalifufuza chilema. Abusa akamupatsa moni wansangala, tsiku lonse ankadzifunsa kuti amva chiyani. Kutchalitchi sankajomba, koma ankakhala pafupi ndi chitseko. Anafunsirapo mbeta kamodzi, ndipo mtsikanayo atavomera msanga, iye sanapondekonso phazi.

Sidsel anakwatiwa ndi msodzi, koma mwamunayo atamira ndi bwato lake anabwerera kwawo kudzasunga nyumba. Iye za Mlonda ankazinyogodola.

"Iwe Visti, galu amene iwe mwini wake ukumuopa, umamutcha mlonda?"

"Achemwali, chikhalireni munaonapo ng'ombe yathu itafa ndi ufiti?"

"Sindinaonenso itamezedwa ndi chinsomba. Nazo zinsomba amathamangitsa ndi yemweyo?"

Chaka chimene Visti anakwanitsa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, udzu wouma unavunda ndi mvula, ndipo chisanu chinakhalitsa. Ng'ombe zinawonda. Sidsel ankapukusa mkaka mpaka mapewa kuwawa, koma batala osagwirana. Anansi anayamba kunong'ona kuti pali wina akuba mafuta a mkakawo ndi maso a njiru.

Visti anaganiza kuti Mlonda amatsekereza zochokera kunja, ndiye izi zalowera pati? M'mawa wina anatukula mwala n'kuyamba kutchula mayina. Anatchula mkazi wa mwini chigayo, kiyi anati inde. Anatchula nkhalamba ya kudambo, kiyi anatinso inde. Onsewo anapulumuka, pakuti inde wa Mlonda ndiye kuti ayi. Mayina atatha, lilime lake linatchula lokha limene sanalikonzekere.

"Nanga Sidsel?"

Kiyi anazungulira pang'onopang'ono n'kuloza m'khola. Ayi. Anafunsa katatu, katatu konse ayi.

Kwa sabata yathunthu Visti ankangomuyang'ana mlongo wake m'mbali mwa diso. Phala sankalikhudza mpaka Sidsel atayamba wadya. Anaona zimene sanazionepo: kuti amang'ung'udza pokama, kuti amasuzumira kunyanja asanatseke chitseko. Aliyense kuderalo ankadziwa mankhwala a mfiti yakuba batala: kuitulutsa magazi pachipumi, mphamvu zake zimathera pompo.

Loweruka masana anamupeza ali pamgolo wopukusira. Visti anali ndi msomali m'manja.

"Wabisa chiyani kumbuyoko? Ukuima ngati wakuba nkhuku," anatero Sidsel.

"Achemwali, ndamufunsa Mlonda za inu."

"Ee? Wati bwanji bwana wakoyo?"

"Wati si inu."

Sidsel anasiya kupukusa. Analidziwa lamulo la bambo awo kuposa iye.

"Ndiye kuti akanandinamizira, ukanandikhulupirira. Tsiku limodzi lokha limene satana wanena zoona, mlongo wanga wanola msomali. Ine ndinakutafunira buledi ulibe mano, Visti."

"Ndi kukanda chabe, achemwali. Ngati si inu, simutaya kanthu."

Sidsel sanathawe. Anangovula mpango kumutu n'kumuyang'ana. Visti anamukanda pachipumi ndi msomaliwo, ndipo bala linalowa kuposa mmene ankafunira.

Lolemba Sidsel anamanga katundu wake n'kupita kutsidya kwa dambo, kukakama ng'ombe za eni. Pasanathe mwezi msipu unaphuka, ng'ombe zinatuluka, batala anagwirana. Anansi anamuyamikira Visti kuti ndi mwamuna wolimba mtima, ndipo chifukwa choti anamuyamikira, iye anayamba kukayika.

Anakhala ndi chikayikocho zaka khumi ndi chimodzi, akudya yekha nsomba zamchere. Tsiku lina anatukula mwala kuti afunse ngati anamulakwira mlongo wake. Ulusi uli m'manja, anazindikira kuti kaya kiyi aloze kubwalo kaya m'khola, iye sakhulupirira. Anabwezera mwalawo, n'kuvala nsapato zake zamatabwa, n'kuwoloka dambo.

Anamupeza Sidsel akutsuka zitini pachitsime, tsitsi litachita mbuu, chipsera chili poyera pamwamba pa diso.

"Wakutuma kapena wakuletsa?" anafunsa osadzuka.

"Sindinamufunse, achemwali."

"Ndingadziwe bwanji? Wakhala naye nthawi yaitali kuposa mmene unakhalira ndi ine."

 Visti anangoima, chipewa chili m'manja. Sidsel anamaliza zitini zonse, chimodzichimodzi, osafulumira. Kenaka anatsegula chitseko cha kachipinda kake.

"Lowa, pali khofi. Koma manja ako akhale patebulo, ndiziwaona."

Kuyambira pamenepo Visti ankapitako Lamulungu lililonse potuluka m'tchalitchi, mpaka chaka chimene iye mwini anamwalira. Sidsel sanabwererenso kunyumba ya bambo awo, ndipo Visti sanachotsepo manja patebulopo.