Dontho la Saladi m'Beseni la Ukwati

Ndikukumbukira tchuthi chimene atate anauza mlongo wanga Zuze kuti sukulu yakwana, alowe m'bwato. Iye anali ku sekondale, ine ndinali nditalekera giredi faifi. Tinkakhala ku Feira, kufupi ndi pamene Luangwa imathira mu Zambezi.

Zuze anapempha kuti awaonetse kaye chimene anaphunzira. Anati mafuta anapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa mamolekyu, ndipo iye angathe kuyeza kukula kwa kamodzi mwa ito ndi lula wamba wa kusukulu. Atate anakhala pansi pa mtengo wa masau, ukonde uli pamiyendo, nati, "Yeza."

Zuze anathira madzi m'beseni, nawaza phulusa losefa pamwamba. Kenaka anatola kadontho ka saladi, mafuta ophikira, ndi nsonga ya singano ya amai, nakagwetsera pakati. Kanayenera kufalikira ndi kukankha phulusa. Kanangokhala pomwepo ngati diso la nsomba. Tinayesa beseni lina, chimodzimodzi. Vuto linali lakuti kwathu chiwiya chilichonse chinalawapo nsomba, ndipo pamadzi panali kale mafuta. Ndinakwecha ndi mchenga mpaka zala kuwawa, koma fungo la nsomba za pende silinachoke. Atate anapitiriza kusoka ukonde.

M'nyumba munali beseni limodzi lokha losadziwa nsomba, loyera, la maluwa ofiira, limene amai anagula ku Zumbo kusungira ukwati wa akulu athu. Amai analitulutsa okha, osayang'ana munthu.

Mmenemo kadontho kanayenda. Phulusa linathawira m'mbali, pakati panatsala bwalo loyera ngati mbale. Zuze analiyeza ndi lula, nawerengetsa pamchenga. Anati mafutawo afalikira mpaka atsala muyalo umodzi wa mamolekyu, ndipo kuchindikala kwake ndi ngati mananomita awiri. Nanomita, anatero, ndi milimita imodzi yogawidwa kamiliyoni.

Atate anasuzumira m'beseni nthawi yaitali.

"Ndiye ukonde wa maso otani ungagwire zimenezi?"

"Palibe, atate."

"Zimadyedwa?"

"Mumadya kale, atate."

Anabwerera ku ukonde wawo. "Munthu woyeza zosaoneka angandimizire bwato. Abwerere kusukulu." Amai anatsuka beseni kawiri nalibwezera pansi pa bedi.

Zuze anadzakhala mphunzitsi wa sayansi. Tinamuika mwezi wathawu. Masiku ano adzukulu anga amaona mamolekyu pa foni, amitundumitundu, akuzungulira, ndipo mabeseni ndi apulasitiki, otchipa, palibe amene amawabisa pansi pa bedi.

Pamaliro ine ndinali wosambitsa anthu m'manja atatha kudya. Nditanyamula beseni kuti ndikataye madzi kuseri, ndinaona mafuta atayala pamwamba, opyapyala, akunyezimira padzuwa. Ndinaima nalo pamenepo. Mlamu wanga anandifunsa ngati ndataya mphete m'madzimo. Ndinati ayi, ndikungoona.